Mmene Ndinanamizira Khoma Langa

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene anthu akale a ku Balaka ndi ku Machinga amanditchulira Che Nkhasi, pomwe dzina langa la ubatizo ndi Lusiyano Makwinja. Iwe Agnesi unabwerapo kusukulu ukulira anzako atakunena kuti ndiwe mwana wa nkhasi, ine n'kungokuuza kuti pukuta misozi ukatunge madzi. Masiku amenewo pakamwa tinkatseka. Lero ndinapuma ntchito, ndipo ambiri amene ndinkawaopa ali m'manda, ndiye ndilemba mmene zinayendera. Musadabwe kuti ndikulemba mokwiya. Mkwiyo umenewu ndausunga nthawi yaitali ndipo sunazizirebe.

1971, Kasupe

Ntchito ya boma ndinayambira ku Kasupe, kumene masiku ano mumati ku Machinga Boma. Anandilemba ngati wothandiza amisiri omanga nyumba, ndiye kuti wosakaniza simenti, wonyamula njerwa komanso wolandira zitukwano za aliyense. Kapitawo wathu anali a Jailosi, munthu wamfupi wa ndevu zoyera amene kuseka sankakudziwa. Tsiku limene anandilola kuyala njerwa koyamba, ndinakweza kakhoma ka chimbudzi mpaka kufika m'chiuno, ndikudzimva kuti tsopano ndakhala munthu. A Jailosi anabwera, anaika levulo yoyezera kuwongoka kwa khoma, n'kukagwetsa ndi phazi. Ndinatsala pang'ono kuwalumphira. Iwo anati, "Lusiyano, khoma ndi dzina lako. Iwe udzafa, khoma lidzatsala likuuza anthu kuti unali munthu wotani. Yambiranso." Ndinayambiranso ndikutukwana chamumtima, koma mawuwo anandilowa. Kuchokera tsiku limenelo sindinasiyepo khoma lopendama, ngakhale la khola la nkhuku.

Zaka zotsatira ndinamanga nyumba za aphunzitsi, makalasi ndi timilatho ting'onoting'ono ku Ntaja ndi ku Liwonde. Ndinakhoza mayeso a umisiri awiri oyamba, n'kutsala ndi omaliza, a giredi wani. Munthu ukakhoza amenewo umakhala kapitawo, amakupatsa nyumba ya malata, ndipo ana ako amapita kusukulu atavala nsapato. Amayi anu ankadziwa kuti maso anga onse ali pamenepo.

1980, Balaka

Anandisamutsira ku Balaka, kumene nthawi imeneyo kunali pansi pa Machinga. Balaka ndi dziko louma. Mwezi wa Okutobala amayi ankafola pa mjigo ndi ndowa zawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Simenti nayo inkasowa koopsa. Ikabwera lole imodzi tinkaiteteza ngati mankhwala, ndipo matumba opanda kanthu tinkawakutumula kuti fumbi lotsalira lisatayike.

Mkulu wa ofesi yathu sindimutchula dzina, poti ana ake alipo ndipo sanandilakwire. Ife tinkamutcha Bwana Ulaya, chifukwa anakachitako maphunziro a miyezi ingapo kunja, ndipo atabwerako nkhani iliyonse inkathera ku Ulaya. Ukamuuza kuti wilibala yathyoka, amakuuza za mawilibala a ku Ulaya. Akazi ake, amene tinkawatcha adona, anali mmodzi mwa atsogoleri a amayi a chipani m'dera lonselo, ndiye banja limenelo unkalilambalala ngati njoka yogona pa njira. Tsiku lina bwanayo anandiitanitsa kunyumba kwake, n'kundiimika kuseri pansi pa mtengo wa bwemba.

"Makwinja, ku Ulaya anthu ozindikira amakhala ndi dziwe kuseri kwa nyumba, muli tiakamba ta m'madzi. Alendo akabwera amamwa tiyi akuonerera. Undimangire loterolo pano."

"Bwana, mukunena nkhasi?"

"Kaya mumati chiyani kwanuko."

"Nanga simenti tiitenga kuti, bwana? Yomwe ili m'sitolo ija ndi yoti tikaikire pansi m'chipinda cha amayi oyembekezera kukachipatala kaja."

"Amayi akhala akuchira pa dothi chiyambire dziko. Adikira. Kapena iweyo ukutsutsana ndi chitukuko?"

Inu ana a masiku ano simungamve kulemera kwa funso limenelo. Munthu ukanenedwa kuti ukutsutsana ndi chitukuko, achinyamata a malaya ofiira ankakupeza dzuwa lisanalowe. Ndinavula chipewa n'kunena kuti iyayi bwana, dziwelo timanga. Mpaka lero ndikaganiza za simenti imeneyo mtima umandiwira.

1981, dziwe

Ine za nkhasi sindinkadziwa kanthu kupatula kuti zimanunkha. Amene ankazidziwa anali Che Amidu, mlonda wa panyumbapo. Anali bambo wachikulire wa ku nyanja ya Chiuta, Msilamu wosaphonya mapemphero, amene anasiya usodzi msana utayamba kumuvuta. Ankalowa ntchito madzulo n'kuweruka m'mawa, ndipo ankasamalira akazi awo ndi adzukulu amasiye ndi kamalipiro ka ulondako. Nditawafunsa za nyamazi anayamba ndi kulavula malovu.

"Amisiri, nyama imeneyi ndi mbala. Ife asodzi timaida, imatidyera nsomba m'mono. Kudya sitidya, kwa ife ndi haramu. Koma poti bwana afuna, mverani. Imafuna pakuya pobisala, posaya potulukira kukaothera dzuwa, ndi mchenga woikiramo mazira. Ndiye muchenjere ndi zikhadabo zake. Mvula ikangonunkhira imakwera chilichonse kufuna kwawo."

Ndinakwiya ndi ntchitoyo, koma manja anga sadziwa kugwira ntchito mokwiya. Tinakumba dzenje, pansi ndinayala miyala n'kuthira konkire. Khoma ndinamanga la njerwa ziwiri kukhuthala kwake, mkati n'kupaka pulasitala wosalala ngati mbale. Mbali ya kum'mawa ndinaika motsetsereka kuti nyamazo zizikwera kupita pa mchenga, ndipo pakati ndinagoneka chipika cha tsanya choti zizigonapo padzuwa. Chimene ndinanyadira koposa chinali pamwamba. Kuzungulira dziwe lonse ndinaumba mlomo wa konkire wolowera mkati, kutalika kwake ngati chikhatho cha munthu wamkulu, kuti chokwera khoma chikafika pamenepo chigunde mutu n'kubwerera.

Simenti yatsopano imawotcha khungu la nyama, ndiye dziwelo linayenera kudzazidwa ndi kukhuthulidwa kangapo nkhasi zisanalowemo. Madziwo ankatunga pa mjigo womwe uja, m'madiramu, pa lole ya boma. Amayi ankawasuntha pa mzere kuti madiramu a bwana adzaze kaye, ndipo ankationa tikuwataya madziwo pansi pa bwemba. Amayi anu omwe anali pa mzere umenewo, iwe Petulo uli kumsana. Madzulo anangondiyang'ana, ine n'kusiya nsima m'mbale.

Che Amidu anatumidwa kwawo ku Chiuta, n'kubwera ndi nkhasi m'matumba onyowa. Tsiku loziika, yaikulu pa zonse inayesa kukwera khoma pakona. Inafika pa mlomo uja, inagunda, n'kugwa chagada m'madzi. Bwana Ulaya anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine, kunyada kutandikwera, ndinati, "Bwana, muno ngakhale buluzi sangatuluke osapempha chilolezo." Mawu amenewo ndinawanena pamaso pa antchito onse.

Zimene bwanayo anaiwala n'zakuti Balaka si Ulaya. Kwathu kuno munthu amaweta nkhuku, mbuzi, nkhunda. Munthu woweta nkhasi kuseri kwa nyumba, n'kumazidyetsa nyama ya ku butchala anthu akudya therere, anthu sanena kuti ndi wozindikira. Amanena kuti ndi wokhwima. Mphekesera inayenda pa mjigo, kumsika, mpaka kutchalitchi, yakuti bwana akusunga zizimba kuti asachotsedwe pa mpando. Ndiye zinangochitika kuti mwana wawo wotsiriza, kamnyamata koyamwa, anayamba kudwaladwala. Lero malungo, mawa kutsekula m'mimba. Amayi anayamba kunong'ona kuti nkhasi zikudya mwana. Adona akafika pa msonkhano, anzawo ankawavinira ndi kuwaimbira monga mwa lamulo, koma palibe ankafunanso kuwanyamulira mwanayo.

Novembala, chaka chomwecho

Bwana anapita ku msonkhano ku Zomba. Ine ndinali padenga la nyumba ya antchito kuseri kwa nyumbayo, kukonza chumuni chong'aluka, dzuwa lili pamutu. Ndinaona adona akutuluka ndi mng'ono wawo atanyamula matumba. Anakwinya zitenje, n'kulowa m'dziwe mpaka m'mawondo, n'kuyamba kugwira nkhasi imodziimodzi. Ina inawakanda adona padzanja koma sanaleke. Atamaliza anaika matumba m'galimoto ya mlamu wawo, imene inalowera msewu wa ku Liwonde, ku Shire. Pobwerera m'nyumba adona anakweza maso n'kundiona. Maso awo anali ofiira ndi kulira.

"Amisiri, mwaona chiyani?"

"Ndikukonza chumuni, mayi."

"Konzani chumunicho."

Kunena zoona, nthawi imeneyo ndinawamvera chisoni. Anali mayi woopa kutaya mwana, ndipo akanakhala amayi anu akanachita zomwezo. Chimene sindinawakhululukire ndi chimene anachita mawa lake.

Bwana anabwerako, anapeza dziwe lili ndi chipika chokha. Anakwiya ngati wapenga, makamaka poti anali atalonjeza mlendo wina wamkulu kuti adzaone chitukuko chimenechi. M'mawa tonse antchito anatiitanira pakhonde la kuseri. Panali wapampando wa achinyamata a chipani ndi anzake awiri a malaya ofiira, zibonga zili m'manja. Che Amidu anawakhazika pansi pa fumbi, chipewa chawo cha Chisilamu atachigwetsa. Adona anaima pakhomo, mwana ali kumsana, dzanja lokandidwa lija atalibisa m'chitenje.

"Mdala uyu wadya katundu wa boma," anatero bwana.

"Iyayi bwana, ine nkhasi sindidya. Funsani Msilamu aliyense," anayankha Che Amidu.

"Ndiye wagulitsa kwa asing'anga. Kapena waoloka nazo malire. Si kwanu ku Chiuta iwe? Timakudziwani anthu a m'malire, lero muli kuno mawa muli ku Mozambiki."

Wapampando uja anagwedeza mutu n'kunena kuti nkhani ikafika pa malire si ya ofesinso, ndi ya chipani, ndipo mdalayo apita nawo akafotokoze bwino kumene amafotokozera anthu otere. Tonse tinkadziwa kuti amene apita kumeneko ena sabwerako, ndipo obwerako amabwera osayenda bwino. Che Amidu ndi msana wawo uja sakanatha sabata. Ndinayang'ana adona. Iwo ankayang'ana mtengo wa bwemba. Apo m'pamene bwana anatembenukira kwa ine.

"Makwinja, unanena wekha kuti ngakhale buluzi sangatuluke. Uwauze akuluwa. Nkhasi ingakwere khoma lako lija?"

Ana anga, njira zinali zitatu ndipo zonse zinali ndi minga. Ndikanena zimene ndinaona ndili padenga, ndiye kuti ndanamizira mtsogoleri wa amayi a chipani pamaso pa mwamuna wake, ndipo galimoto yotenga Che Amidu ikananditenga ine, inu n'kukula opanda bambo. Ndikanena zoona za khoma langa, kuti palibe nkhasi ingalikwere, ndiye kuti ndamangirira ndekha chingwe m'manja mwa munthu wosalakwa amene sanali n'komwe pantchito nthawi imene nyamazo zinkachoka. Njira yachitatu inali yoti ndilavulire ntchito yabwino koposa imene manja anga anagwirapo. Ndinakumbukira a Jailosi ndi phazi lawo lija.

"Ingakwere, bwana."

"Wati chiyani?"

"Ingakwere. Khoma ndinalifupikitsa, ndipo mlomo uja sunakwane. Mvula yayandikira, nyamazo zanunkhiza n'kukwera. Mdalayu alibe mlandu, cholakwika ndi khoma langa."

Anzanga amisiri anaweramitsa mitu, chifukwa ankadziwa kuti ndikunama. Bwana naye ndikukhulupirira kuti ankadziwa, poti anaiona ndi maso ake nkhasi yaikulu ija ikugwa chagada. Koma iye ankangofuna munthu woti amusenzetse manyazi ake, ndipo mmisiri wonyada anamukomera kuposa mlonda wokalamba. Ananditukwana pamaso pa onse kuti ndine mbuli, wowononga simenti ya boma, munthu amene ku Ulaya sangamulole ngakhale kumanga khola la galu. Mmodzi wa achinyamata aja anaseka n'kunena kuti, "Ndiye awa ndi Che Nkhasi, mmisiri wogonja kwa nkhasi." Onse anaseka, ndipo dzina linamera pomwepo. Adona analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Akuluakulu anati kamba amanyera amene wamutola, koma ine sindinamutole, ndinangomumangira nyumba.

Chilango chinali patatu. Mayeso a giredi wani anandichotsamo. Anandisamutsira ku Chiuta, kumene ankatumiza anthu ofuna kuwaiwala. Ndipo ndisanapite anandilamula kuti ndikonze khomalo powonjezera mizere ya njerwa pamwamba pa mlomo uja. Nditapempha simenti anati yatha, ndimange ndi dothi, poti ndi limene likuyenera mmisiri wa mtundu wanga. Ndiye ndinaima padzuwa, kukweza khoma lopanda vuto, kutchingira dziwe lopanda nkhasi, ndi matope a pachulu. Pa ntchito zonse za moyo wanga palibe inandinyansa ngati imeneyo. Che Amidu anabwera asanayambe ulonda wawo, anakhala pa chidebe n'kumandiyang'ana.

"Amisiri, mwanama."

"Ndanama, Che Amidu."

"Khoma ili nkhasi singakwere. Ine ndazigwira moyo wanga onse."

"Ndikudziwa. Musanenenso zimenezo kwa munthu."

Kenako anadzuka, anatenga fosholo n'kuyamba kundikandira matope ndi msana wawo wovuta uja. Ndinawaletsa koma anakana. Anati Mulungu waona. Ine ndinayankha kuti Mulungu waona koma a ofesi sanaone, ndipo giredi amapereka ndi a ofesi.

1982 kupita m'tsogolo, Chiuta

Ku Chiuta ndinakhalako zaka zambiri, kumanga makalasi ndi zimbudzi, njerwa tikuwolotsa pa bwato nthawi ya dzinja. Abale a Che Amidu anamva nkhaniyo, ndipo pakhomo pathu sipankasowa nsomba youma. Ndinkathokoza, koma nsomba si dzina. Nthawi iliyonse imene ndinkapempha mayeso aja, kapitawo watsopano ankafunsa kuti kodi si uja wa nkhasi, nkhani n'kuthera pomwepo. Anyamata amene ndinawaphunzitsa kugwira levulo anadzakhala akapitawo anga. Bwana Ulaya anakwezedwa n'kupita ku likulu. Mwana wawo uja anachira, ndipo ndinamva kuti adona ankauza anzawo kuti Mulungu anachotsa yekha nyamazo. Chipinda cha amayi oyembekezera chija chinakhala cha dothi mpaka boma linasintha. Ine ndinapuma ntchito ndili pa giredi yomwe ndinali nayo tsiku la pakhonde lija. Che Amidu anagwira ulonda mpaka ukalamba, ndipo anamwalirira pamphasa yawo, adzukulu atawazungulira. Pa zonsezi, chimenecho chokha ndi chimene sichindikwiyitsa.

2009, Balaka

Ndinapita ku maliro ku Balaka, ndipo pobwerera miyendo inanditengera kunyumba ija. M'nyumbamo munkakhala banja lina. Mayi wa panyumbapo anandilola kupita kuseri nditanena kuti ndinagwirapo ntchito kalekale. Bwemba anali atadulidwa. Mizere ya dothi ija inagwa yonse, panalibe ngakhale njerwa imodzi. Koma khoma la pansi linali chiimire ndi mlomo wake, dziwe litadzaza madzi a mvula, ndipo mayiyo anali atadzala mpiru ndi tomato mozungulira.

"Limadontha, mayi?"

"Iyayi agogo, ngakhale pang'ono. Madzi amafika nawo mpaka chilimwe, anansi onse amadzatunga muno. Koma akuti anamanga ndi mmisiri wina wosadziwa ntchito, mpaka nkhasi za bwana zinathawa. Ankamutcha Che Nkhasi. Munkamudziwa?"

Ndinagwada, n'kulowetsa dzanja pansi pa mlomo uja. Unali wosalala ngati tsiku limene ndinauumba, wopanda mng'alu. Ndinamuuza mayiyo kuti munthuyo ndinkamudziwa, ndipo ntchito ankaidziwa. Anangoseka mwaulemu, monga amasekera anthu nkhalamba ikamateteza mnzake.

Ndiye ana anga, nyumba ya malata sindinakupatseni, ndipo kusukulu munapita opanda nsapato chifukwa cha mawu amene ndinanena pakhonde lija. Mutandibwezera tsiku limenelo ndinganenenso omwewo, ndipo ndingakwiyenso chimodzimodzi. Chimene ndikupempha n'chimodzi. Mukadzadutsa pa Balaka, mukapemphe kuona dziwelo, mukagwade, mukalowetse dzanja pansi pa mlomo wake. Mukadzatero mudzandiuze ngati nkhasi ingakwere pamenepo.